Kukagona kudziwe la kuphiri ndi ana: yankho kwa bambo wa ku Salima

Funso: "Ine ndimakhala pa Kamuzu Road ku Salima. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa zithunzi za dziwe lina lili m'mapiri kumtunda kwa Nkhotakota, mbali yopita ku Ntchisi, akuti kulibe nyumba pafupi ndipo madzi ake ndi oyera mbee. Tikufuna tikagoneko masiku atatu holide ya Ogasiti, ine, mayi akunyumba, ana awiri wazaka 7 ndi wazaka 11, alamu anga ndi anzanga awiri. Tenti tabwereka kale. Titenge chani, nanga ndi zotheka ndi ana?"

Achimwene, kutheka zimatheka. Ine ndakhala ndikuperekeza anthu m'mapiri ndi m'nkhalango za kuno ku Nkhotakota kwa zaka zambiri ndithu ndipo ana ndayenda nawo, ena ochepera awo anuwo. Koma inu mwafunsa za katundu pomwe ine mtima wanga uli padziwepo. Madzi omwe akukukokani pachithunzi paja ndi omwewo amakoka njovu, njati, afisi, njoka, udzudzu, aliyense wa m'tchiremo, makamaka mu Ogasiti timitsinje tambiri titayamba kuuma. Inu mukuona malo a pikiniki, eni ake amaona chitsime chawo.

Nde tisanafike pa zamapoto ndi mabulangete, kafunseni mnzanuyo kuti dziwelo lili m'dera la ndani kwenikweni, chifukwa kumtunda kumeneko malo ali patatu ndipo malire sumawaona ndi maso nthawi zonse. Akanena kuti lili mkati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve, pulani yongonyamuka nokha iphereni pomwepo. Nkhalango ija ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800, kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, kuphatikizapo njati ndi nyama zina. Anthu ena akadali ndi Nkhotakota yakale m'mutu ija unkatha kuyenda tsiku lonse osaona olo ndowe ya njovu, pano zinasintha. Kulowa wapansi opanda chilolezo ndi mlandu, marenja akakupezani ndi chikwanje ndi poto sadziwa kuti ndinu bambo wabwinobwino wa ku Salima, amakuonani ngati wopha nyama basi. Njira yake ndi yodzera pageti, kulipira, kugona malo omwe analoleza, ndipo kuyenda wapansi kulikonse olo kukwera phiri la Chipata lija lotalika mamita oposa 1,600 mumayenda ndi renja wamfuti. Zakuti ana a msinkhu wanji amaloledwa kuyenda wapansi mukafunse konko musananyamuke, musakakanganire pageti ana ali kale m'galimoto.

Likakhala m'nkhalango ya boma ngati ya Ntchisi, kapena Thuma kwanu konko, mudzere kwa a zankhalango, ndipo ku Thuma musaiwale kuti nakonso kuli njovu. Likakhala pamalo a mfumu, apa ndi pomwe anthu a m'tauni amalakwitsa kwambiri, amangoimika galimoto pansi pa mtengo wa mango wa eni ake nkuyamba kukwera ngati phirilo ndi la agogo awo. Kaonekereni kwa amfumu, mupereke moni bwinobwino, kapaketi ka shuga ndi sopo sikangakusaukitseni, munene kuti muli angati mubwera liti, ndipo mupemphe munthu mmodzi wa m'mudzimo akuperekezeni ndi kugona nanu konko, mumulipire zomveka osati kumupatsa nsima yotsala. Munthu ameneyu ndi wofunika kuposa tenti yanuyo. Amadziwa njira yomwe nyama zimatsikira, amadziwa mbali yakuya, amadziwa ngati munthu anamirapo, komanso maiwe ena anthu amawalemekeza, pena sasambapo pena satsukapo mapoto, pena pafupi pali manda. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi si nkhani, mwabwera kwa eni.

Tsopano masiku atatuwo. Ine ndikuti usiku umodzi kaye. Mundikhululukire koma gulu lanu likuoneka kuti palibe anagonapo kutchire kupatula mwina pamaliro, ndipo mwana wazaka 7 usiku woyamba fisi akangolira patali amafuna kwawo nthawi yomweyo. Usiku umodzi ukayenda bho mudzabwerera chaka chamawa mwana yemweyo ndi amene azidzakukakamizani. Komanso kulemera kwa katundu, anthu saganizira. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, chigubu cha malita 20 chija mumatungira kunyumba ndi makilo 20 pamutu pa munthu akukwera chitunda. Kuchoka pa Salima kufika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita cha m'ma 110 pamsewu wa M5, kenako pali msewu wafumbi, kenako miyendo, nde nyamukani kusanache kuti pofika 2 koloko masana mukhale mwafika padziwe. Mu Ogasiti ikamakwana 6 koloko kwada, ndipo m'chigwa dzuwa limabisala msanga kuposa kunyanja. Kukhoma tenti yobwereka ndi tochi pakamwa ana akulira njala ndi momwe maukwati amayambira kugwedezeka. Tentiyo muyiyese kaye pabwalo kunyumba, muwerenge zikhomo, muone zipi ngati ikutseka, tenti zobwereka nthawi zambiri zimabwera ndi chitsulo chimodzi chosowa mwini wake osanena.

Mukafika, chinthu choyamba musatsitse katundu pamchenga wokongola uja wa m'mphepete. Zungulirani dziwe ndi mperekezi wanu mukuyang'ana pansi. Pomwe matope apondedwapondedwa, pomwe udzu wagona kupanga kanjira kolowera m'madzi, ndowe, mapazi, ndi njira za eni ake zimenezo ndipo usiku adzera momwemo. Msasa wanu ukhale kumtunda, mapazi akuluakulu osachepera 70 kuchoka pamadzi, olo 100 ngati malo alola, kutali ndi tinjirato, pamalo okwera pang'ono pomwe kamphepo kakudutsa. Udzudzu umachepa, chinyezi cha m'mawa chimachepa, ndipo nyama ikabwera kudzamwa imamwa nkubwerera osakupezani panjira. Muyang'anenso kumwamba, pansi pa mtengo wouma osagona, mwera wa Ogasiti umathyola nthambi.

Izi ndikunena chifukwa ndinaphunzira ndi manyazi. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinaperekeza banja lina, mayi ake anakonda kamchenga kena m'mbali mwa madzi akuti akufuna adzuke akuona dziwe pakhomo la tenti, ine kuopa kukhumudwitsa alendo ndinavomera. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinamva madzi akuchita khuvuu khuvuu ndi kupuma kwamphamvu, ndinangogwira mkono wa bambo aja kuti asayatse tochi, tinakhala chete mpaka miyendo kuchita dzanzi. M'mawa tinapeza phazi la njati m'matope, lodzaza madzi akadali avundu, mapazi anga asanu ndi atatu okha kuchoka pachingwe cha tenti, ndipo sefuliya yomwe tinaiviika kuti titsuke m'mawa inali itaphwanyika ngati chitini choponda lole. Palibe anadya chakudya cha m'mawa tsiku limenelo.

Zakusamba tsopano, apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ana amatayikira. Ana a ku Salima anazolowera Senga Bay, madzi ofunda, mchenga, umayenda mtunda madzi akadali m'chiuno. Dziwe la kuphiri si choncho. Pansi ndi miyala yandere yoterera ngati therere, phazi limodzi madzi ali m'maondo phazi lachiwiri simukugundanso pansi, ndipo kuzizira kwake munthu ukangogweramo mpweya umabanika kaye, minofu imakokana, odziwa kusambira amene amasokonezeka. Madzi oyera amanamizanso maso, pamaoneka pafupi pali patali, mwala umaoneka uli pansi uli pamwamba. Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje lija anthu amalikonda pa Facebook lamizapo anthu, ndipo kumeneko ndi koti anthu amakhala ambiri, nanji kwanu kopanda wokuvuulani. Nde lamulo likhale loti palibe kudumphira chamutu, olo alamu anu atanena kuti anakulira pa Linthipe. Wamkulu mmodzi alowe kaye ndi ndodo yaitali ayeze, muike malire ndi mwala kapena nthambi kuti ana asapitirire apa, ndipo ana akakhala m'madzi pakhale munthu mmodzi ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, osati uku akusenda anyezi uku akujambula. Mutchule dzina kuti pano ndi iwe, chifukwa akulu asanu aliyense amaganiza kuti mnzake akuona. Mwana akamamira sakuwa, amangoti zii. Ndipo amene wamwa mowa asayandikire madzi, ndikudziwa anzanu awiriwo sabwera ndi Fanta yekha.

Ng'ona, anthu amati kuphiri kulibe. Nthawi zambiri pamwamba pa mathithi sizifikako zoona, koma dziwe lililonse lolumikizana ndi Bua kapena mitsinje ina yotsikira kunyanja mulitenge ngati muli ng'ona mpakana munthu wa komweko atakutsimikizirani, ndipo iyeyo alowe kaye. Likodzo naye, madzi odikha okhala ndi bango ndi tinkhono, makamaka ngati anthu ndi ana a m'midzi amasambamo kumtunda, ndi kwawo kwa likodzo ndipo kuyera kwa madzi sikutanthauza kanthu. Mukasamba madzi otero, pakatha miyezi iwiri kayezetseni nonse, osadikira kuti mwana ayambe kukodza magazi.

Akumwa, madzi a padziwe olo akuoneka ngati a m'botolo anyani amachitiramo zawo kumtunda. Tungani pomwe madzi akulowera akuyenda, musefe ndi kansalu koyera, muwiritse mpaka abwate kwa mphindi yathunthu, kapena thirani WaterGuard monga zalembedwa pabotolo nkudikira mphindi 30. Munthu wamkulu woyenda padzuwa amamwa malita atatu osadziwa, nde kwa anthu asanu ndi atatu kuphatikiza mperekezi kuwiritsa kokha mutha nkhuni, WaterGuard ndiye wopepuka. Mapaketi a Thanzi angapo musasiye, mwana akatsegula m'mimba kutali ndi msewu ndi chimene chimamugwira mpaka mutsike. Sopo, kaya wosambira kaya wotsukira mbale, asalowe m'dziwe, tungani mu ndowa mukasambire kumtunda. Chimbudzi kumbani kadzenje ndi kakhasu, kuya kwake ngati chikhatho chimodzi chotambasula, kutali ndi madzi komanso kumunsi kwa msasa, mukatha kwirirani, ndipo mwana usiku asapite yekha, tochi m'manja nsapato kumapazi.

Kuzizira mukuchepetsa, ndikudziwa anthu a kunyanja. Salima ili pafupifupi mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, kuonjezera mwera ndi chinyezi cha padziwe, ikamakwana 4 koloko m'bandakucha mano amagundana. Ndipo kuzizira kwambiri kumachokera pansi osati pamwamba, mabulangete atatu pamwamba koma pansi chitenje chokha mugona maso. Mkeka kapena kamatiresi kopyapyala pansi, bulangete lina pansi lina pamwamba, ana chipewa ndi masokosi, zovala zogonera zikhale zouma zosungidwa mujumbo yakeyake. Mbaula mu tenti ayi, olo kuzizire bwanji. Utsi wa makala suoneka sununkha, anthu amagona osadzukanso.

Mtundu wa zovala, izi ambiri sadziwa. Kuno kuli kashembe, ntchentche ija imaluma ngati singano yotentha nkudutsa malaya, ndipo Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe matenda a kaodzera amapezeka. Kashembe amakopeka ndi buluu ndi zakuda, ndichifukwa chake misampha yake mumaiona m'nkhalango ndi nsalu zabuluu ndi zakuda. Nde jezi ya timu yanu ija ngati ndi yabuluu isiyeni ku Salima, valani zotuwa kapena zakhaki, zamanja aatali, nsalu yokhuthalako. Si kashembe aliyense ali ndi matenda, musachite mantha, koma wina akatentha thupi kapena pomwe analumidwa pakatupa chilonda pakatha masiku kapena masabata, pitani kuchipatala, ndipo akayeza malungo nkupeza palibe muwauze adokotala mosabisa kuti tinali kutchire ku Nkhotakota tinalumidwa ndi kashembe, chifukwa kaodzera wa kuno amathamanga. Neti tengani ndithu olo muli mu tenti, zipi ana amaisiya yotsegula.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, yovuta ndi mphiri, imangogona panjira kudalira khungu lake. Nsapato zotseka, patapata ndi wa pamsasa pokha masana, potola nkhuni gubuduzani kaye ndi ndodo, m'mawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa zinkhanira zimakonda kufunda. Wina akalumidwa osatema, osayamwa, osamanga chingwe chothina, chotsani mphete ndi zothina, mwendowo usagwedezeke, munyamuleni kupita kuchipatala basi. Apa ndi pomwe funso la mtunda limabwera, ngati kuchoka padziwe kufika pagalimoto ndi maola opitirira awiri mwana wazaka 7 akuyenda, ine ndi ana sindingapite, chifukwa mtunda womwewo mutanyamula munthu umakhala kawiri. Ndipo ana muwaonetse chitedze musanayambe kuyenda, nyengo imeneyo chimakhala chauma ubweya wake ukuuluka, mwana akachigwira ulendo wathera pompo.

Chakudya musavutike nacho. Ufa, mpunga wa kuno mugule pamsewu, usipa wouma, soya, tomato wosapsetsa, anyezi, mchere, mafuta m'kabotolo kotseka bwino, tiyi, shuga, chiponde, buledi, mbatata zootcha paphulusa, mtedza wokazinga wa ana panjira. Nyemba ayi pokhapokha muphikiretu, zimatha nkhuni ndi madzi. Nyama yaiwisi idyedwe tsiku lomwelo. Ndipo bambo, mthiko mugwireko inu ndi alamu, mayi akunyumba sanakwere phiri kuti akapitirize ntchito ya kukhitchini pamalo opanda mpopi, ndaonapo amayi akutsika phiri osalankhula ndi munthu.

Zotsala ndiye nkhani. Mbale zitsukidwe usiku womwewo, chakudya chonse m'chidebe chotseka chipachikidwe mumtengo patali ndi tenti, mu tenti musalowe olo bisiketi. Masana anyani, usiku afisi, koma amene anandithamangitsapo ine ndi linthumbu. Mwana wina anabisa mutu wa nsomba pansi pa mkeka kuti adye m'mawa, pakati pa usiku tinangomva kukuwa, kuyatsa tochi pansi ponse pakuyenda, mzere wake wonenepa ngati lamba kuchoka kuthengo kulowa pakona ya tenti, tonse panja tikuvina tikuvula, bambo ake ndi kabudula m'manja. Kuyambira pamenepo ndimathira phulusa kuzungulira tenti, ndipo ndisanakhome ndimayang'ana ngati pali mzere wa linthumbu pafupi, ukakhalapo ndimasamuka, sulimbana nalo.

Moto mu Ogasiti muusamale ngati mwana wakhanda. Udzu wauma, mphepo ilipo, osaka mbewa ayamba kale kutentha tchire. Lambulani bwalo mpaka dothi lioneke, moto ukhale waung'ono pakati pa mafuwa, nkhuni zotola pansi osati kudula mitengo, ndipo miyala yochokera m'madzi musaike pamoto imaphulika. Pogona thirani madzi, vundulani, thiraninso mpaka mugwire phulusa ndi dzanja. Muonenso pofika kuti moto wolusa utabwera muthawira kuti, pathanthwe kapena pomwe panapsa kale, osathawira kumtunda kwa chitunda chifukwa moto umakwera msanga kuposa munthu. Mabotolo, majumbo, zitini, zonse zitsike nanu.

Netiweki musaidalire, kaya TNM kaya Airtel m'zigwa imasowa, pena umaipeza pamwamba pa mwala umodzi wokha ndipo mperekezi wanu amaudziwa mwalawo. Foni imodzi izimitsidwe isungidwe yodzaza, tochi aliyense yake ndi mabatire apadera, ana muwapatse wezulo pakhosi ndi lamulo loti ukasochera khala pomwepo uziimba, osayenda. Kunyumba musiye munthu wodziwa mudzi womwe mwasiya galimoto ndi ola lomwe akapanda kumva za inu ayambe kufunsa, amfumu nawonso adziwe. Panado, bandeji, pulasitala, mankhwala otsukira bala, ndi mankhwala a aliyense amene amamwa tsiku ndi tsiku, a BP kaya a mphumu, zikhale m'chikwama chimodzi chomwe aliyense akuchidziwa.

Mwezi mwasankha bwino, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nthawi yake. Musasunthire ku holide ya Anakubala pa 15 Okutobala, kumatentha koopsa, madzi amakhala atachepa ndiye nyama zonse zimadzadzana pamaiwe otsalawo. Ya Khirisimasi ndiye ayi ndithu, mvula ikagwa kumtunda inu osaiona mtsinje umadzaza kamodzinkamodzi, malo munayala mkeka aja nkukhala pakati pa madzi.

Mnzanuyo akalephera kutchula mudzi womwe anadzera ndi munthu amene anamuperekeza, kapena mukapeza kuti zithunzizo anangotumiziridwa pa WhatsApp, musakasake dziwelo ndi ana. Yambani ndi malo ogona ovomerezeka m'mbali mwa Bua mkati mwa nkhalango, ana akaone mtsinje womwe mpasa zimakwera kukaswana, amve usiku wa kutchire pali renja pafupi, tenti yobwerekayo muione ngati sidontha mame. Akatchula mudziwo mundilembere dzina lake, mwina amfumu ake ndimawadziwa.